Buku ndimafuna langalanga, za kulayibulale pepani

Loweruka lapitali ndinakumana ndi mnzanga wina wauphunzitsi cha pa chipilala cha wotchi paja kuno ku Mangochi, pafupi ndi mlatho, ine ndikuchokera kushopu kajumbo kali m'manja iye akutsika pa kabaza thukuta lili kamukamu. Moni sanamalize n'komwe dzanja lili kale m'jumbo mwanga, watulutsa buku, kulitembenuza, kuona mtengo umene analemba ndi pensulo mkati mwa chikuto, ndiye amvekere, "Aise, mutu ukuyenda bwinobwino koma? Ndalama imeneyi si ndiwo za sabata yonse izi? Layibulale ilipo yaulere iwe n'kumataya ndalama chonchi." Ndinangoseka basi n'kunena kuti tidzakambirana, chifukwa dzuwa la kuno munthu sungaimepo n'kumatsutsana za mabuku. Koma nkhaniyi yandikhala pamtima sabata yonse ndiye ndati bola ndimuyankhire pano, amawerenga ndithu zolemba zangazi ngakhale amanamizira kuti alibe bando kkkk.

Ndisaname, layibulale inandilera. Ine ndi wa gulu lija linalowa sitandade 1 mu 1994, chaka chomwe a Bakili Muluzi anati pulayimale ikhale yaulere, tinakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa, kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango ndipo buku limodzi timaunjikirana kaya asanu kaya asanu ndi awiri, wina kumaliwerenga chozondoka chifukwa wakhala mbali inayo. Belu likalira aphunzitsi kutolera mabuku onse, kuwawerenga ngati akwana, n'kukatsekera mu kabati mu ofesi ya ahedi. Kunyumba kunali mabuku awiri okha, la nyimbo la mayi ndi kabuku kena ka zaulimi ka bambo kopanda chikuto. Ndiye tsiku lomwe ndinalowa koyamba m'chipinda chodzaza mashelefu n'kuuzidwa kuti ukhoza kutenga lililonse kupita nalo kwanu, ndinaona ngati akundiseka. National Library Service yakhalapo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo ana ambiri osauka ngati ine anapulumukira m'malayibulale, kaya a boma, a mpingo kapena a sukulu. Zimenezo sindikutsutsa, ndipo wina asadzanene kuti ndati atseke.

Koma pali chinachitika ndili folomu 3 chomwe mpaka lero ndikachikumbuka m'mimba mumatentha. Ndinabwereka buku ku kalayibulale kena komwe ndinkapita nthawi imeneyo, linali lachingerezi, lonenepa, nkhani yake ya anthu apanyanja. Ndinaliika mu malaya ndikubwerera kunyumba panjinga ya amalume, mvula ya mu Januwale inandipeza ndisanafike n'komwe pa msika, ija yongobwera kamodzin'kamodzi yosachenjeza. Pofika kunyumba buku lafufuma ngati chitumbuwa. Usiku umenewo mayi anayatsa makala mu simbi, ine kumatsegula peji imodziimodzi iwo kumasita ataphimba ndi kansalu, mapeji ena kumatana ena kung'ambika pakona, fungo la pepala lonyowa losakanikirana ndi utsi m'nyumba monse. Linauma, koma linachita makwinya ngati nkhope ya agogo ndipo silinatsekekenso bwinobwino. Ndinakhala nalo masabata atatu owonjezera ndikuopa kukabweza. Nditalimba mtima mayi a pa kauntala sanandikalipire n'komwe, anangolitembenuza, kundiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Mwanawe, buku la anthu ili." Bola akanandikalipira. Faindi yake inachoka pa ndalama ya usipa umene mayi anagulitsa tsiku limenelo, ndipo mapeto a nkhani ija sindinawawerenge, mapeji akumapeto ndi amene anamatana.

Akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Kuyambira pamenepo buku lobwereka ndimaligwira ngati khanda la eni, sindimasuka nalo. Sindingapite nalo kunyanja, sindingawerenge ndikudya nsima, mwana akayandikira ndi kapu ya thobwa mtima uli phaa. Pomwe langa, aaa, lina lili apa lili ndi chidindo cha mafuta a kanyenya pa peji 40 ndipo ndikachiona ndimakumbuka kuti ndinali ku Monkey Bay tsiku limenelo ndikudikira minibasi kuti idzaze.

Kenako nkhani ya deti. Ine ndimawerenga pang'onopang'ono, ndivomere. Ndimaweruka mochedwa, kufika kunyumba mwina magetsi azima, kuwerenga ndi tochi ya foni udzudzu uli pa iwe, mu Okutobala ndiye osanena, m'nyumba simukhalika mpaka pakati pa usiku, umangokhala pakhonde kudzikupiza ndi buku lomwelo m'malo moliwerenga. Buku limodzi limatha kunditengera miyezi iwiri, ndimalisiya, kuyamba lina, kudzabwereranso. Tsono kapepala kaja amamata kutsogolo n'kudindapo tsiku lobweza kamandikumbutsa ngongole ya banki mkhonde, ukangotsegula buku chinthu choyamba kuona ndi tsiku lako la mlandu. Amati ukhoza kukawonjezera masiku, eya, koma ndiye ulipire kabaza kupita ndi kubwera, pa nthawi ya ntchito, chifukwa nthawi yomwe ine ndili ndi mpata iwonso atseka akupuma. Zaulere zija zikayamba kudya ya thiransipoti sizikhalanso zaulere kwenikweni.

Ndi chete uja. Ndikudziwa ndi lamulo labwino koma ine si munthu wake. Ndikawerenga chinthu chosekesa ndimaseka mokweza, chikandinyasa ndimatsonya, nthawi zina ndimamuyankha mlembi ngati ali pompo. Mulayibulale mukakhosomola kawiri anthu onse makosi khotee. Komanso tinene zoona, malayibulale athu ambiri ndi malo a mayeso. MSCE ikayandikira mipando yonse imadzaza m'mawa ndithu, ana a folomu 4, obwereza, a makosi a akaunti, aliyense ndi kope ndi mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo, ena anabwera ndi mabuku awo angofuna tebulo ndi pamthunzi basi. Ndipo akuyenera, kwawo mwina kulibe tebulo, kuli ana akulira ndi wailesi. Tsono ine bambo mzima ndikalande mpando wa mwana amene tsogolo lake lili pa Biology kuti ndiwerenge nkhani yachikondi? Manyazi amandigwira.

Za m'mashelefumo ndinenepo pang'ono. Mabuku ambiri amene ndinkawapeza anali a mphatso ochokera kunja, ndipo zikomo kwa otumizawo, ena mwa iwo ananditsegula maso. Koma wopatsidwa sasankha. Ndinapezapo buku lonse lofotokoza kasamalidwe ka maluwa nthawi ya chipale, kuno ku Mangochi komwe ngakhale mu Juni ena timagona osafunda. Ukafunsa la Chichewa amakulozera kashelefu kamodzi pakona, theka lake mabuku a silabasi. La Chiyao ndiye ndinasiya kufunsa, chonsecho tulukani panja mumve chomwe anthu akuyankhula pa msika, pa depoti, ku Mpondasi, ku Namwera, mpaka ku Makanjira uko.

Pano wina anena kuti nanga kushopu kwakoko ndiye kuli chani, ndipo ali ndi mfundo. Tisanamizane, zomwe timazitchula kuti mashopu a mabuku kuno zambiri ndi za makope. Makope, mabolopeni, choko, masamu seti, maenivelopu, makina a fotokope pakona akulira tsiku lonse, mabuku a silabasi, Mabaibulo ndi a nyimbo, kwina cha kufupi ndi mzikiti mupeza Qur'an ndi timabuku ta ana a madrasa. Mabuku ongowerenga kuti usangalale amakhala kumbuyo, shelefu imodzi kapena ziwiri, ndipo imeneyo ndiye yanga.

Shopu yomwe ndimapitapita ili ndi madala ena achikulire a chipewa choyera, magalasi anamanga ndi ulusi mbali imodzi. Ndikalowa amayamba ndi "Ajimwiche uli achimwene," ngakhale akudziwa kuti Chiyao changa chimathera pa moni pomwepo, kenako amakoka kampando kuti ndikwerepo ndifikire shelefu yapamwamba. Mabuku ake akumwambawo fumbi lili mbuu, ena chikuto chinafwifwa ndi dzuwa lolowera pa windo mpaka dzina silioneka, ukasolola limodzi nalimata amathawira kuseri. Ndimatha kuima pamenepo ola lathunthu, kutsegula ili, kuwerenga peji yoyamba, kubweza, kununkhiza lina, iwo ali phee akuthandiza ana ogula mapensulo, palibe wondiuza kuti nditonthole, tikuchezanso za mpira ndi za mtengo wa chimanga. Tsiku lina ndinapeza buku lomwe ndinalifuna kwambiri koma m'thumba munali mphepo yokhayokha. Ndinalibweza mwakachetechete, iwo anaona. "Bweretsani kuno achimwene." Analikulunga mu nyuzi, kulemba dzina langa pamwamba n'kuliika pansi pa kauntala pamodzi ndi buku lawo la ngongole. Ndinalipira katatu, komaliza pa Mpamba mwezi utatha, ndipo tsiku lokalitenga anandiuza kuti analiwerengako okha madzulo ena ndipo munthu wa m'nkhaniyo ndi chitsiru. Tinakangana mphindi makumi awiri, kasitomala wa fotokope akudikira.

Zimenezi ndi zomwe mnzanga uja sakuziwerengera akamati ndiwo za sabata. Madala amenewa amadziwa zomwe ndimakonda kuposa abale anga ena. Akapita kukapikula katundu ku Blantyre amandibweretserako kenakake, nthawi zina amalasa nthawi zina amaphonya kutalitali, anandibweretserapo buku la kaweta nkhuku chifukwa ndinangotchula kamodzi kuti mayi akunyumba akufuna ayambe bizinesi. Ndinagulabe, nanga ndikanatani.

Ndiye pali kaunjika wa mabuku, amene amayala pansi pa lona m'mbali mwa msewu, awa ndimawawerengera kushopu komweko chifukwa nawonso umagula n'kukhala lako. Apa ndiye pokoma chifukwa mtengo ndi wokambirana, venda amayesa buku ndi kunenepa kwake osati zomwe zili mkatimo, ndiye kabuku kowonda kamtengo wapatali umatha kukatenga pa mtengo wa mandasi angapo bola nkhope usaonetse kuti wakafuna. Ambiri amakhala ndi mayina a eni ake akale, wina analemba uthenga wa Khirisimasi kwa mdzukulu wake kaya ku Scotland kaya kuti, lero buku lili pa fumbi la ku Mangochi pambali pa nsapato ndi ma charger. Chondiseketsa n'choti ena amakhala ndi chidindo cha malayibulale a kunja omwe anawachotsa m'mashelefu awo, ndiye kuti ndimawerengabe za kulayibulale, kungoti ya eni ndipo sadzandifunsa. Koma ndikaona chidindo cha sukulu ya konkuno sindigula. Limenelo labedwa, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira ana asanu pa buku limodzi.

Akuluakulu amatiuza kuti kale kunali Malawi Book Service, ya boma, yomwe inali ndi mashopu m'matauni ndipo ndi yomwe inkafikitsa mabuku m'sukulu, inatha m'zaka za m'ma 1990 zinthu zitasintha. Otsala amene agwira ntchitoyi nthawi yaitali ndi a mipingo, a CLAIM ndi mashopu awo, a Montfort ku Balaka amene amasindikiza mabuku ndi magazini, komanso a Kachere a ku yunivesite ku Zomba amene atulutsa mabuku ambiri a mbiri ndi zipembedzo za dziko lino. Ine ndikapeza ulendo wa ku Blantyre, kudzera pa Liwonde ndi Zomba, ndimapatula maola awiri a mashopu a mabuku ngakhale ulendowo ukhale wa maliro, Mulungu andikhululukire. Ndimalowa ngati mwana wolowa mu shopu ya maswiti, kutuluka ndi limodzi kapena awiri, n'kumawerengera mu minibasi ngati yatsala ikwana kabaza wa kunyumba.

Kudula ndiye akudula, pamenepo mnzanga sananame. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, mabuku ambiri ndi ochokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa kugwa kwina kwa 25 peresenti mu Meyi 2022, mitengo ya pensulo ija anaifufuta n'kulemba ina. Madala aja anafufuta mpaka pepala kubooka. Panopa ndimagula mwina limodzi pa miyezi iwiri pomwe kale ndinkatha awiri pa mwezi. Koma taonani, anzanga omwewo ondinena amathera ndalama yoposa pamenepo pa mabando, pa kubetcha mpira, pa zakumwa za Lachisanu, palibe amawafunsa kuti si ndiwo za sabata izi. Aliyense ali ndi kamene kamamudyera ndalama, kanga kamakhala pa shelefu.

Ndipo pali china chomwe ndinachizindikira mochedwa. Tonse timadandaula kuti mabuku a Chichewa kulibe, olemba athu amangolemba a silabasi. Nanga alembe bwanji ena ngati palibe wogula? Wosindikiza amayang'ana zomwe zikutuluka pa kauntala. Buku la silabasi limayenda chifukwa kholo lilibe kuchitira mwina, la nthano kapena ndakatulo limakhala pa shelefu zaka mpaka nalimata kuikira mazira kuseri kwake, ndiye mwini shopu saitanitsanso, wosindikiza naye sasindikizanso, mlembi amabwerera kukaphunzitsa. Ife tili pa WhatsApp kupemphana PDF. Inenso ndinalandirapo, sindidziyeretsa, koma pa foni sindimaliza buku, uthenga umalowa, batire imatha, maso amawawa. Ndiye ndikapeza buku la mlembi wa konkuno, makamaka la m'chinenero chathu, ndimagula ngakhale ndisakudziwa ngati ndi labwino. Ena amakhala osakoma ndithu, zolakwika za kalembedwe peji iliyonse. Koma kakobiri kanga kafika kwa munthu amene anakhala pansi n'kulemba.

Chachikulu kwa ine n'chakuti buku langa ndimalembamo. Ndimadula mizere, ndimalemba "bodza ili" m'mbali, ndimapinda makona, zinthu zoti mulayibulale akhoza kukuthamangitsa nazo. Ndili ndi buku lina la mbiri ya nyanja yathuyi lomwe ndinagula ku Zomba, nditawerenga za sitima ya Vipya yomwe inamira mu 1946 kumpoto uko n'kupha anthu 145, ndinanyamuka nalo Lamlungu masana kupita pa wotchi pomwe paja pali chikumbutso chake. Ndadutsapo kambirimbiri moyo wanga wonse osaimapo. Tsiku limenelo ndinaima, buku lili m'manja, kenako ndinayang'ana mfuti ija ya sitima ya Guendolen yomwe inakaphulitsa sitima ya Majeremani mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba itangoyamba, ndi wotchiyo yomwe anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria tauni ino ikadali Fort Johnston. Anyamata a kabaza ankandiyang'ana ngati mzungu wodzaona malo. Ndinalemba deti ya tsikulo m'mbali mwa peji ndi mawu akuti "ndinaima pano," ndipo mwana wanga wamkulu anazipeza chaka chatha, anandifunsa, tinapitanso limodzi mpaka tinakalowa mu myuziyamu. Kabuku ka zaulimi ka bambo kaja ndili nako, m'mbali mwake analembamo mitengo ya feteleza ya nthawi yawo ndi dzina langa katatu, kaya ankayesa bolopeni. Malemba awo ena ndilibe.

Zovuta zake zilipo, musaone ngati ndi zokoma zokhazokha. Chiswe cha kuno sichigona, chinandidyera mabuku asanu ndi limodzi amene ndinawasiya mu katoni pansi, ndinangopeza dothi ndi zikuto. Mphemvu nazo zimakonda guluu wa kumsana kwa buku. Panopa ndinakhomesa shelefu kwa kalipentala, miyendo yake ili mu zitini, ena ali mu thiranki yachitsulo yomwe ndinkapita nayo ku sekondale. Mayi akunyumba amati, "Inu abambo, tikadzasamuka nyumba ino mudzanyamula nokha zimenezi," ndipo tinasamukadi kamodzi, ndinanyamuladi ndekha, wa ngolo anawonjezera mtengo ataona thiranki.

Choseketsa kwambiri n'choti pothawa layibulale ndasanduka layibulale ine ndemwe. Ana a maneba amabwera, anzanga a kuntchito, mlamu wanga, aliyense "tabwerekeniko kaye ili." Ndinagula kope lolembamo obwereka, ndi deti yomwe, ine yemwe uja wodana ndi deti. Sizithandiza. Mwa amene anatuluka chaka chatha anabwerako ndi ochepa, lina ndinakalipeza kwa wobwerekayo litasanduka chovindikira poto wa nyemba, lina mtsikana wa folomu 2 anabwera nalo litanyowa, misozi ili m'maso, akunjenjemera pakhomo. Ndinalitembenuza, ndinamuyang'ana, mawu a mayi a pa kauntala aja anafika pakamwa penipeni. Ndinangomufunsa ngati anamaliza kuwerenga. Anati ayi, akumapeto amatana. Ndinamufotokozera mmene inathera tili chiimire pakhonde, kenako anatenga lina.

Dzulo madzulo kunja kukuda ndinamva odi, kutsegula ndi mphunzitsi uja, ati amangodutsa. Tinakhala pakhonde, tiyi anamwa, za mpira tinakamba, maso ake ali pa shelefu kudzera pa windo. Ponyamuka amvekere, "Aise, lija unagula Loweruka lija wamaliza?" Ndinati ndili pa peji 60. Ati iye amawerenga mwachangu, Lachitatu likhala litabwera. Ndinamulemba mu kope, anasaina akuseka, analiika mu malaya n'kukwera njinga. Kumwamba cha ku Namwera kunali kukung'anima.